Phunziro: Kuthandiza Wosaona Pamene Kompyuta Yaleka Kulankhula Kapena Kulemba Braille

Munthu wopenya akaona kuti kompyuta yake yavuta, ayang'ana pa sikirini nawerenga uthenga wonena chimene chalakwika. Wosaona alibe mwayi umenewu. Iye adziwa za m'kompyuta mwa njira ziwiri zokha: mawu amene makinawo alankhula m'khutu mwake, ndi timadontho ta Braille timene titukuka pansi pa zala zake. Njira ziwirizi zikatsekeka, uthenga wonena za vutolo ungathe kukhala pa sikirini tsiku lonse, mwini wake osaudziwa. Kalata ya ntchito ikhala yosayankhidwa, mwana wa sukulu alephera kutsiriza zimene mphunzitsi adampatsa. Kwa munthu amene saona ndiponso samva, tsoka likula koposa, pakuti Braille ndiyo khomo lake lokhalo lodziwira za m'kompyuta.

Kawirikawiri woitanidwa pa nthawi yotere sakhala mmisiri wa makina, koma mnansi, mbale kapena katekisti wa pamudzipo. Phunziro lino lilongosola m'mene makinawa agwirira ntchito, ndi dongosolo limene wothandiza ayenera kutsata kuti apeze pamene pali vuto, asanaononge zimene zinali bwino.

1. Chiyambi cha zilembo za Braille

Louis Braille adabadwa pa 4 Januwale 1809 m'mudzi wa Coupvray, ku France. Ali ndi zaka zitatu adadzibaya m'diso ndi chida cha bambo wake, amene anali wosoka zikopa, ndipo patapita nthawi maso onse awiri adachita khungu. Mu 1819 adalowa sukulu ya ana osaona ku Paris. Kumeneko adadziwa kalembedwe ka Charles Barbier, ka madontho 12, kamene kanali kakakulu kopitirira nsonga ya chala. Mnyamatayo adachepetsa madonthowo nasiya 6, atatu kumanzere ndi atatu kumanja, kuti chala chimve chilembo chonse pa nthawi imodzi. Ntchitoyi adaitsiriza mu 1824 ali ndi zaka 15, naisindikiza mu 1829. Adamwalira mu 1852, ndipo sukulu yake yomwe idavomereza kalembedweko mu 1854, iye atagona kale m'manda.

Malo a madontho 6 amenewa atchedwa kachipinda, ndipo m'kachipinda kamodzi mutuluka zizindikiro 63 zosiyana. Kalembedweka kadafika msanga pakati pa olankhula Chinyanja: mu 1905 Mayi Issie Hofmeyr adayamba kuphunzitsa osaona pa mishoni ya Magwero, pafupi ndi Chipata. M'Malawi muno aphunzitsi a ana osaona aphunzira ntchito yawo pa koleji ya Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu.

2. Zigawo za makinawa

Pakati pa zonse pali pulogalamu yowerenga sikirini. Ntchito yake nkufunsa kompyuta chimene chalembedwa pamalo pamene munthu wafika, ndi kumuuza mwini wake. Mapulogalamu otere alipo angapo. JAWS ya pa Windows idatuluka mu 1995, ndipo ndi yogula. NVDA idayambidwa mu 2006 ku Australia. Oikonza ake akulu ndi anthu awiri osaona, Michael Curran ndi James Teh, ndipo iperekedwa ulere. Windows ili ndi yakeyake yotchedwa Narrator, makina a Apple ali ndi VoiceOver, mafoni a Android ali ndi TalkBack, ndipo pa Linux pali Orca. Zitsanzo zambiri za phunziro lino zitengedwa ku NVDA, popeza ndiyo imene munthu wosauka angathe kuipeza.

Kuchokera pa pulogalamu yowerengayi njira igawika pawiri, monga mphambano.

Njira yoyamba ndi ya mawu. Pulogalamu yowerenga ipereka zolembedwazo kwa pulogalamu ina yopanga mawu, ndipo mawuwo apita ku sipika kapena ku mahedifoni.

Njira yachiwiri ndi ya Braille. Zolembedwazo ziyamba zasandulizidwa kukhala madontho potsata ndandanda ya malamulo a chilankhulo, ndipo madonthowo adzera pa chingwe cha USB kapena pa Bluetooth mpaka afike pa makina a Braille. Makinawa ndi kabokosi kotalika kokhala ndi mzere umodzi wa tizipinda, 14, 20, 40 kapena 80. M'kachipinda kalikonse muli timisomali tobuntha timene magetsi atikweza ndi kutitsitsa. Pa makina ambiri timisomaliti tili 8, osati 6. Tiwiri tapansito kawirikawiri tisonyeza pamene munthu wafika polemba. Akatha kuwerenga mzere umodzi, akanikiza batani, timisomali tonse tisintha, ndipo mzere wotsatira uonekera.

3. Lamulo loyamba: kupeza pamene njira yadukira

Madzi akaleka kutuluka pa mpopi, wanzeru sayamba ndi kukumba paipi yonse. Ayamba wafunsa ngati mpopi wa mnansi ukutulutsa. Chimodzimodzi pano, wothandiza asanakhudze chilichonse afunse mafunso awiri: kodi mawu akumveka? Kodi Braille ikutuluka? Mayankho ake asonyeza kumene kuli vuto.

Zonse ziwiri zikasowa, vuto lili pa mphambano peni peni, ndiye kuti pulogalamu yowerenga yaima, kapena kompyuta yomwe yazima kapena yauma.

Mawu okha akasowa, Braille ili kutuluka, pulogalamu yowerenga ili moyo, ndipo vuto lili pa njira ya mawu.

Braille yokha ikasowa, mawu ali kumveka, vuto lili pa njira ya Braille.

Zonse ziwiri zikagwira ntchito kwina konse koma nkukhala chete pa kalata imodzi, makinawo alibe mlandu. Cholakwa chili m'kalatamo.

Funso lachitatu lithandizanso kwambiri: chidachitika nchiyani vutolo lisanayambe? Kodi magetsi adazima? Kodi mwana adasewera pa kiyibodi? Kodi kompyuta idalandira zatsopano usiku? Safunsa adadya phula. Lamulo lina lotsagana nalo ndi lakuti wothandiza asinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, nayese. Akasintha zitatu pamodzi, ngakhale vutolo lithe, palibe amene adzadziwa chimene chidalithetsa.

4. Zonse zikakhala chete

Choyamba nkutsimikiza kuti kompyuta yayaka ndipo batire silinathe. Pamenepa wopenya achenjere, pakuti sikirini yakuda si umboni wakuti kompyuta yazima. Osaona ambiri adetsa sikirini dala kuti odutsa asawerenge makalata awo. Mu NVDA chophimba chimenechi chitsekedwa ndi kutsegulidwa ndi mabatani a Insert, Control ndi Escape pamodzi. Pa iPhone, pogogoda katatu ndi zala zitatu.

Kompyuta ikakhala kuti yayaka, akanikize Control, Alt ndi N pamodzi. Mabatani amenewa adzutsa NVDA, ndipo ngati inali itauma aiyambitsanso. Ikadzuka iimba kanyimbo kakafupi kokwera. Kanyimboka kakapanda kumveka, ayese mboni yachiwiri: Control, batani la Windows ndi Enter pamodzi zidzutsa Narrator. Narrator akalankhula, ndiye kuti sipika ili bwino ndipo vuto lili mu NVDA. Narrator naye akakhala chete, vuto lili pa njira ya mawu. Akatha kuyesa, azimitse Narrator ndi mabatani omwewo, pakuti owerenga awiri olankhula pamodzi asokoneza koposa chete.

NVDA ikamaimaima kawirikawiri, mwina chochititsa ndi timapulogalamu toonjezera timene mwini wake adaikamo. Insert ndi Q zitsegula kabokosi kotsekera, ndipo m'menemo muli mwayi woiyambitsanso popanda toonjezerato. Vuto likatha pamenepo, wolakwayo ali pakati pa timapulogalamuto, ndipo apezeka potibwezera kamodzikamodzi.

5. Mawu okha akasowa

Zochititsa zambiri pano nzazing'ono, ndipo ziyenera kuyesedwa zoyamba. Mwina batani lotontholetsa mawu lidakanikizidwa mwangozi. Mwina mahedifoni ali chilowere m'kompyuta pamene mwini wake ayembekeza mawu ku sipika. Mwina mawu akupita ku mahedifoni a Bluetooth amene ali m'thumba m'chipinda china, kapena ku sikirini ina yolumikizidwa ndi chingwe cha HDMI, imene ilibe sipika. Kuchotsa zonse zolumikizidwa ndi kuzimitsa mahedifoniwo kubweza mawu ku sipika ya kompyuta.

Kachiwiri, pulogalamu yowerenga ili ndi batani lakelake lotontholetsa. Mu NVDA, Insert ndi S zisintha kalankhulidwe, ndipo kamodzi mwa iko nkukhala chete. Munthu abwereze mabataniwo mpaka mawu abwerere. Pa iPhone kugogoda kawiri ndi zala zitatu kutontholetsa VoiceOver, ndipo kugogodanso chimodzimodzi kuibweza. Anthu ambiri achita zimenezi osadziwa.

Kachitatu, pulogalamu yopanga mawu ingathe kulephera. Insert, Control ndi S zitsegula ndandanda ya mapulogalamu opanga mawu. Popeza Braille ili moyo, mwini makina angathe kuwerenga ndandandayo ndi zala nasankha ina, monga eSpeak NG, imene ibwera pamodzi ndi NVDA. Apa paoneka ubwino wodziwa Braille: njira imodzi ipulumutsa inzake.

Pali dandaulo lina losakhudza kuonongeka konse: mawu amveka, koma Chichewa chituluka chopotoka. Chifukwa chake nchakuti liwu la Chingerezi litchula zilembo potsata malamulo a Chingerezi. Mu eSpeak NG muli liwu la Chiswahili, ndipo popeza Chiswahili chili ndi mavawelo asanu onga a Chichewa, liwulo lifika pafupi koposa la Chingerezi. Silitsata kukwera ndi kutsika kwa mawu a Chichewa, koma khutu lizolowera.

6. Braille yokha ikasowa

Wothandiza ayambire pa makina a Braille eni ake nabwerere pang'onopang'ono ku kompyuta.

Makinawo akayatsidwa, ambiri alemba uthenga wa moni kapena agwedeza timisomali. Zimenezi zikachitika, makinawo ali moyo. Ndipo aone ngati ali m'khalidwe loyenera, pakuti makina ambiri agwira ntchito ziwiri: kusunga mabuku ndi zolemba paokha, ndi kusonyeza za m'kompyuta. Orbit Reader 20 ndi chitsanzo cha makina otere. Akasiyidwa pa ntchito yoyambayo, kompyuta ingaitane chotani, iwo sayankha.

Chotsatira ndi chingwe. Zingwe zina za USB zogulidwa pamsika zipereka moto wokha, koma sizinyamula uthenga. Chingwe chotere chinyenga, pakuti batire lidzaza bwino lomwe, munthu naganiza kuti zonse zalumikizika. Ayese chingwe china, ndi khomo lina la USB pa kompyuta, osadzera pa kabokosi kogawira makomo.

Ngati kulumikiza kuli kwa Bluetooth, afunse ngati makinawo adalumikizidwapo ndi foni. Foni ikakhala pafupi ingathe kuwagwira isanatero kompyuta. Azimitse Bluetooth pa foniyo nayese. Zikakanika, afafanize dzina la makinawo pa ndandanda ya Bluetooth ya kompyuta nawalumikize mwatsopano. Chanzeru nkuchita zimenezi mawu ali kumveka, kapena wopenya ali pafupi.

Kenaka pulogalamu yowerenga iyenera kuuzidwa makina amene alipo. Mu NVDA, Insert, Control ndi A zitsegula ndandanda yake. Ikakhala pa mawu akuti No braille, palibe chimene chidzatuluka. Pa Automatic, NVDA ifunafuna yokha. Makina ena afuna kapulogalamu ka kampani imene idawapanga, kotchedwa driver, ndipo kameneka katengedwe kwa kampaniyo, osati kwina.

Potsiriza, makina a Braille satumikira mabwana awiri pa khomo limodzi. JAWS ikawagwira, NVDA siwapeza kufikira JAWS itatsekedwa. Narrator nayo, ikapatsidwa ntchito ya Braille, isintha driver wa makina ena, kotero kuti mapulogalamu ena awasowa kufikira driver wakaleyo atabwezedwa m'makonzedwe a Narrator.

7. Braille ikatuluka, koma yosamveka

Pano pali matenda awiri osiyana, ndipo afunika kuwasiyanitsa.

Oyamba ndi a ndandanda ya malamulo. Braille ya Chingerezi ili ndi magiredi awiri. Giredi 1 ilemba chilembo chilichonse. Giredi 2 ifupikitsa, kotero kuti zilembo zopezekapezeka monga th, ch, and ndi the zilowa m'kachipinda kamodzi. Tsono kompyuta ikawerenga Chichewa ndi malamulo a Chingerezi a giredi 2, liwu lakuti thandizo, la zilembo 8, lituluka m'tizipinda 5: chizindikiro cha th, cha and, ndi zilembo i, z, o. Wozolowera giredi 2 angathe kulizindikira, koma wophunzira kumene aganiza kuti makina apenga. Mankhwala ake nkusintha ndandanda m'makonzedwe a Braille. Kuyambira mu 2023 NVDA ili ndi ndandanda ya Chichewa cha ku Malawi. Pamene palibe imeneyi, giredi 1 ithandiza. Ndandanda zili ziwiri, yowerengera ndi yolembera, ndipo munthu akalemba chilembo china nkutuluka china, yolemberayo ndiyo yolakwa.

Achiwiri ndi a timisomali. Chizindikiro chake nchakuti cholakwacho chikhala pa kachipinda kamodzi komweko, kaya mawu asinthe chotani. Dontho limodzi likakana kukwera, chilembo chisanduka china: l wa madontho atatu akataya lapansi akhala b. Choyesera chake nchapafupi: munthu adzaze mzere wonse ndi chilembo chimodzi nayendetse chala, kachipinda kodwala kadziulula. Adani a timisomali ndi fumbi, thukuta, mafuta odzola ndi zotsalira za chakudya. Chifukwa chake mwini makina asambe m'manja ndi kuumitsa bwino asanawerenge, awapukute ndi kansalu kofewa kopanda ubweya, ndi kuwasunga m'thumba lake, makamaka m'chilimwe pamene fumbi lichuluka. Madzi, mafuta a makina ndi singano zisayandikire. Kutsegula bokosilo ndi ntchito ya mmisiri wake, pakuti makinawa ndi okwera mtengo ndipo zipangizo zake sizipezeka m'sitolo wamba.

8. Pamene cholakwa chili m'kalata

Pulogalamu yowerenga iwerenga zilembo, siiwerenga chithunzi. Munthu akajambula pepala ndi foni natumiza, wopenya aona mawu, koma kwa wosaona lili ngati pepala loyera. Chimodzimodzi ndi mafayilo ambiri a PDF opangidwa pojambula mapepala. Pa Windows 10 ndi 11, Insert ndi R zilamula NVDA kuti iyese kuzindikira zilembo za m'chithunzi. Njirayi ithandiza, koma ilakwitsa mawu ena, ndipo zolemba pamanja kawirikawiri ziikanika.

Mankhwala eni eni ali m'manja mwa wotumiza. Mlembi wa bungwe, mphunzitsi kapena katekisti wotumiza zidziwitso pa WhatsApp alembe mawuwo ndi zilembo, kapena awanene ndi pakamwa pa uthenga wa mawu. Akatumiza chithunzi, aonjeze mzere umodzi wonena chimene chilimo. Kanthu aka sikadya ndalama, koma kopanda iko munthu wosaona amva za msonkhano utatha kale.

9. Khalidwe la wothandiza

Makinawo ndi a mwini wake, ndipo iye awadziwa koposa mlendo. Wothandiza wabwino akhala maso chabe: awerenga mokweza zimene zili pa sikirini, liwu ndi liwu, osadumpha zimene aziyesa zopanda pake, ndipo asiya manja a mwini wake pa kiyibodi. Asalande mausi nayamba kudina mwakachetechete, pakuti vutolo lingathe lero, koma mawa likabweranso mwini wake adzakhala wosowa chochita monga dzulo. Asazimitse pulogalamu yowerenga chifukwa chakuti mawu ake amsokosa, ndipo asachepetse liwiro la mawu popanda kupempha. Liwiro limene wopenya aliyesa phokoso, mwini wake alimva bwino lomwe. Chilichonse chimene wasintha anene, ndipo asachoke asanaone mwini makina akuwerenga ndi kulemba yekha. Makalata amene maso ake agwerapo ndi chinsinsi cha mwini wake.

Nzeru ina ndi kukonzekera tsiku loipa lisanafike. NVDA ingathe kuikidwa pa fulashi, kuti igwire ntchito pa kompyuta ina ya Windows. Chingwe chachiwiri ndi mahedifoni a waya zikhale m'thumba. Mabatani opulumutsa, Control, Alt ndi N, ndiponso Control, Windows ndi Enter, alembedwe pa pepala la Braille, ndi pa pepala wamba la apabanja. Kuthamanga sikufika: wotsata dongosolo ili modekha adzapeza kuti mavuto ambiri ali pa batani limodzi kapena chingwe chimodzi, ndipo otsalawo adzawafotokoza kwa mmisiri momveka.

Mafunso okambirana

1. Kodi Louis Braille adachepetseranji madontho kuchoka pa 12 kufika pa 6?
2. Mawu asowa, koma Braille ikutuluka. Kodi zimenezi zitsimikiza chiyani za pulogalamu yowerenga?
3. Kodi Narrator athandiza bwanji kusiyanitsa vuto la sipika ndi vuto la NVDA?
4. Kodi munthu adziwa bwanji kuti cholakwa chili pa kamsomali, osati pa ndandanda ya malamulo?
5. Kodi zidziwitso za pamudzi ndi za pa mphakati zifika bwanji kwa osaona a kumeneko, ndipo wozitumiza ayenera kusintha chiyani?